Utsi wa chilimwe ku Livingstone ndi zimene ofufuza anapezamo

Tauni ya Livingstone, yomwe ili makilomita pafupifupi 10 kuchokera pa mathithi a Mosi-oa-Tunya kumwera kwa Zambia, ilibe ng'anjo zosungunulira kopa ngati za ku Mufulira. Komabe chaka chilichonse, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, thambo lake limachita mbuu, ndipo dzuwa limalowa lili psuu pamwamba pa mtsinje wa Zambezi. Alendo amakonda kulijambula dzuwalo ali m'maboti. Chimene chimalifiiritsa chonchi ndi utsi, ndipo wambiri mwa utsiwo umachokera kutali: ku moto wa m'tchire wa kumadzulo ndi kumpoto kwa Zambia, ku Angola ndi kumwera kwa Congo.

Utsi umenewu ndi umodzi mwa utsi wofufuzidwa kwambiri pa dziko lapansi. Mu 1997 asayansi a bungwe la NASA, mothandizana ndi nthambi yoona za nyengo ya Zambia, anaika makina oyeza kuwala kwa dzuwa ku Mongu ndi m'madera ena a kumadzulo pa kafukufuku wotchedwa ZIBBEE. Patapita zaka zitatu kunabwera ntchito yaikulu ya SAFARI 2000, yomwe ena mwa oitsogolera anali Robert Swap wa ku University of Virginia ndi Harold Annegarn wa ku University of the Witwatersrand. Ndege ya University of Washington, yodzaza ndi zida zoyamwa mpweya, inakhala masiku angapo ikunyamukira ku Kasane, m'dziko la Botswana, makilomita osakwana 100 kuchokera ku Livingstone, nkumalowa dala mu utsi umene oyendetsa ndege ena amauzemba. Kumayambiriro kwa Sepitembala chaka chomwecho, zithunzi za setilaiti zinaonetsa utsi utandandalika kuchokera pakati pa Africa mpaka ku nyanja ya mchere ya Indian, ndipo ofufuzawo anautcha mtsinje wa utsi.

Anapezanso kuti utsi wa ku Zambia ndi wakuda kuposa wa ku nkhalango za Amazon. Udzu wouma umayaka ndi malawi, osati kunyeka pang'onopang'ono monga zipika zaziwisi, choncho umatulutsa mwaye wambiri. Mwayewo umamwa kuwala kwa dzuwa nkutenthetsa mpweya wa m'mwamba, zomwe zimakhudza kapangidwe ka mitambo.

Pa nkhani ya kaboni, moto wa m'tchire ndi makala sizofanana, ngakhale zonse zimafuka. Kaboni amene amachoka udzu ukapsa amabwereranso mvula ikagwa, msipu ukaphuka. Mtengo wa tsanya umene watenga zaka makumi kuti ukule, ukalowa mu uvuni wa dothi kaboni wake amachedwa kubwerera, ndipo malowo akasanduka munda sabwereranso nkomwe. Uvuni woterewu ndi wowononga: pa makilogalamu 100 a nkhuni zouma, makala otulukamo kawirikawiri saposa makilogalamu 25. Ofufuza a ku Ulaya, pakati pawo Werner Kutsch ndi Lutz Merbold, anagwiritsa ntchito nsanja yoyezera mpweya m'nkhalango ya Kataba pafupi ndi Mongu, ndipo mu 2011 anasindikiza zotsatira zoonetsa kuti malo odulidwa chifukwa cha makala amataya kaboni wochuluka.

Katswiri wa ku University of Zambia, Emmanuel Chidumayo, yemwe anatsata mitengo ya miombo kwa zaka zambiri, anaonetsa mbali ina imene anthu odana ndi owotcha makala amaiiwala. Zitsa zimaphukira, nkhalango nkubwerera, malinga malowo asalimidwe ndiponso moto woopsa wa mu Okutobala usapitemo chaka ndi chaka. Izi zikugwirizana ndi zimene zinaoneka pa malo oyeserapo moto ku Ndola, omwe anakhazikitsidwa mu 1933 ndipo Colin Trapnell analemba za iwo mu 1959: kutentha tchire msanga, udzu usanaumitsitse, kumasiya mitengo ili moyo, pamene moto wochedwa umaitha.

Livingstone inalawa kale kutha kwa mitengo. Kampani ya Zambezi Sawmills inamanga njanji yopita ku Mulobezi kuti izitutira mitengo ya mukusi, ndipo zina mwa sitima zake lero zili m'nyumba yosungiramo zakale ya Railway Museum. Masiku ano chimene chikudya mitengo yozungulira tauniyi, kuphatikizapo nkhalango ya boma ya Dambwa, ndi mbaula. Chodabwitsa nchakuti pa mathithi pomwepo pali siteshoni ya kampani ya ZESCO yopanga magetsi okwana mamegawati 108. Koma chilala cha 2024, chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kukhala ngozi yogwera dziko pa 29 Febuluwale, chinachepetsa kwambiri madzi opangira magetsi m'nyanja ya Kariba, magetsi nkumazima mpaka maola 21 pa tsiku m'madera ambiri a dzikolo. Ngakhale mabanja okhala ndi kuka ya magetsi anabwerera ku matumba a makala a pa msika wa Maramba.

Utsi wa pa mbaula ndi umene umafika m'mapapo mosavuta. Bungwe loona za umoyo la WHO mu 2021 linanena kuti tifumbi tating'onoting'ono totchedwa PM2.5 tisamapose mamaikulogalamu 15 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya pa tsiku, ndipo limawerengera kuti utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pa dziko lonse mu 2020. Mu Juni ndi Julayi, kukazizira, mbaula yolowetsedwa m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, umene umapha munthu ali mtulo.

Malamulo alipo ndithu. Bungwe loona za chilengedwe la ZEMA limayang'anira za mpweya pansi pa lamulo la 2011, lamulo la nkhalango la 2015 limalola midzi kusamalira nkhalango zawo, ndipo la 2024 likuwongolera malonda a kaboni, momwe tani imodzi ya mpweya wa carbon dioxide yosungidwa m'mitengo imagulitsidwa kunja. Galimoto zakunja zolowera pa mlatho wa Victoria Falls kapena wa Kazungula zimalipira msonkho wa kaboni. Koma mapulojekiti akuluakulu odziwika a malondawa, monga a kampani ya BioCarbon Partners, ali ku chigwa cha Luangwa ndi ku Rufunsa, kutali ndi Livingstone. Zambia inalonjeza kuchepetsa mpweya woipa ndi 25 peresenti pofika 2030 poyerekeza ndi 2010, kapena 47 peresenti ikathandizidwa mokwanira ndi mayiko ena, ndipo gawo lalikulu la mpweya umene dzikoli limatulutsa limachokera ku kudula ndi kuwotcha mitengo.