MPIRA WA AJEREMANI NDI OUTSATA A KWATHU

Dzina lakuti Jeremani linafika m'midzi ya kum'mawa kwa Zambia kale-kale, mpira wa miyendo usanadziwike. Kwa makolo athu a ku Zemba ndi a m'dziko lonse la Chadiza, dzinali linali la nkhondo ndi la akatundu olemera. Koma lero likamveka pa bwalo, kawiri-kawiri amene alichula ndiwo anyamata okangana za Bayern Munich ndi Borussia Dortmund. Tiyeni tilondole njira imene dzinali linadzera, pakuti m'menemo muli phunziro kwa inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mukonda masewera amenewa.

Ajeremani a Masiku a Makolo

Mjeremani woyamba kuchuka kuno anali Carl Wiese, wamalonda a minyanga ya njobvu, amene anacokera ca ku Tete nakhala kwa Mfumu Mpezeni. Iyeyu anati mfumuyo inampatsa cilolezo ca dziko lalikulu ndi miyala yace ya mtengo wapatali. Cilolezoco cinafika m'manja mwa kampani ya North Charterland, ndipo m'Januwale 1898 asilikali a Angerezi anathira nkhondo Angoni nawagonjetsa. Pambuyo pace kunadza nkhondo yaikulu ya 1914 kufikira 1918. Amuna ambiri a m'dziko la Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, anatengedwa pa nchito ya mtengatenga, kusenza zakudya ndi zida za asilikali, ndipo ena anafera m'njira ndi njala ndi nthenda. Mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, analowa m'dziko lino nafika ku Kasama, ndipo anatula zida zace ku Abercorn, imene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918. Motero m'kamwa mwa okalamba mau akuti nkhondo ya Jeremani anali mau a cisoni.

Magulu Obadwira pa Migodi

Pamene izi zinali kucitika, ku Germany komweko mpira unali kumera mizu. Bungwe lao loyang'anira masewerawa linakhazikitsidwa ku Leipzig m'caka ca 1900, ndipo caka comweco gulu la Bayern linabadwa ku Munich. Koma kumene mpira unalowa kwenikweni m'mitima ya anthu wamba ndi ku Ruhr, dziko la migodi ya malasha ndi ng'anjo za citsulo. Kumeneko kunabadwa Schalke 04 m'mudzi wa Gelsenkirchen m'caka ca 1904, ndi Borussia Dortmund m'caka ca 1909. Osewera ambiri oyamba a Schalke anali anchito a pansi pa mgodi kapena ana ao, ndipo gululo linakhala loposa onse m'dziko lao kasanu ndi kamodzi pakati pa 1934 ndi 1942. Mgodi wotsiriza wa malasha a mwala unatsekedwa ku Bottrop m'Disembala 2018, koma khwalala limene osewera a Schalke atulukira polowa m'bwalo lao analikonza monga mpita wa mgodi, kuti ana asaiwale kumene makolo ao anacokera.

Munthu wa kuno sadabwa pakumva zimenezi, cifukwa mpira wathu nawonso unakulira pa migodi ya mkuwa. Nkana ya ku Kitwe, Mufulira Wanderers, Nchanga Rangers ya ku Chingola ndi Roan United ya ku Luanshya, onsewa ndiwo ana a migodi. Amuna a kum'mawa amene anapita ku Copperbelt kukafuna ndalama za msonkho ndi za malaya anaona masewerawa kumeneko, ndipo pobwera kwao anali kusimba za iwo pa mphala. Nkoyenera kudziwanso kuti mpikisano wa magulu a dziko lathu lonse unayamba m'caka ca 1962, napambana a Roan United, pamene Bundesliga ya Ajeremani inayamba caka cotsatira, ca 1963, napambana a 1. FC Köln.

Mphamvu ya Wailesi

Atagonja pa nkhondo yaciwiri m'caka ca 1945, Ajeremani anakhala anthu a manyazi cifukwa ca zoipa zoopsa za ulamuliro wa Hitler. Midzi yao inali mabwinja, dziko lao linagawidwa pawiri m'caka ca 1949, ndipo sanaloledwe kusewera nao Cikho ca Dziko Lonse ca 1950. M'caka ca 1954 gulu la West Germany linapita ku Switzerland, kumene Hungary inalikwapula zigoli 8 kwa 3 m'masewera oyamba. Magulu awiriwa anakomananso potsiriza ku Bern pa 4 Julayi. Hungary inatsogola ndi zigoli ziwiri mphindi khumi zisanakwane, koma Ajeremani, motsogozedwa ndi Fritz Walter, anabweza zonse ziwiri, ndipo Helmut Rahn anamwetsa cacitatu masewera ali pafupi kutha. Anthu ambiri a dzikolo sanaone ndi maso ao. Anamva pa wailesi mau a Herbert Zimmermann, ndipo akulu-akulu ao amanena kuti tsiku limenelo mtundu wao unayambanso kuweramuka. Cikhoco anacitenganso m'zaka za 1974, 1990 ndi 2014.

Kwathu kuno wailesi inagwira nchito yomweyo. M'caka ca 1949 kunafika kawailesi kochipa koyendera batire, kamene anakacha Saucepan Special cifukwa kanali ngati mphika wa citsulo, ndipo mau a ku Lusaka anayamba kumveka m'midzi. Pambuyo pace kunabuka Dennis Liwewe, wobadwira ku Nyasaland m'caka ca 1936, amene kufikira ukalamba wace anali maso a anthu onse okhala kutali ndi mabwalo. Iye anamwalira m'caka ca 2014. Wailesi ya kanema itafika m'matauni a Africa, maiko ambiri anali kuonetsa masewera a Bundesliga sabata ndi sabata, ndipo maina monga Beckenbauer, Müller ndi Rummenigge anazolowereka m'makutu a ana amene sanaolokepo nyanja.

Zambia Ikomana ndi Germany

Kuyamikira mlendo ali patali nkosabvuta. Kuyesana naye mphamvu ndi nkhani ina. Nthawi imeneyo inakwana m'Sepitembala 1988, pa masewera a Olympic ku South Korea. Gulu la Zambia, lophunzitsidwa ndi Samuel Ndhlovu, linalingana mphamvu ndi Iraq, zigoli 2 kwa 2, kenaka linadabwitsa dziko lonse pogonjetsa Italy zigoli 4 kwa 0 ku Gwangju, zitatu mwa izo atamwetsa Kalusha Bwalya. Guatemala nayonso inalandira zinai. Koma pa 25 Sepitembala, m'mudzi womwewo wa Gwangju, West Germany inatibwezera zinai zomwezo popanda ife kumwetsako, ndipo Jürgen Klinsmann yekha anamwetsa zitatu. Patapita zaka ziwiri Klinsmann yemweyo anali m'gulu limene linatenga Cikho ca Dziko Lonse. Ena mwa anyamata athu a ku Korea anafera m'ngozi ya ndege pa gombe la Libreville ku Gabon pa 27 Epulo 1993, mmene anthu 30 anataya miyoyo yao, osewera 18 pamodzi ndi mphunzitsi wao Godfrey Chitalu.

Zitatha izi ana a Zambia anayamba kupeza nchito m'magulu a ku Germany. M'caka ca 1999 anyamata awiri a Nchanga Rangers anaoloka: Moses Sichone anapita ku 1. FC Köln, ndipo Andrew Sinkala analembedwa ndi Bayern Munich, nasamukira ku Köln m'caka ca 2001. Christopher Katongo anasewera ku Arminia Bielefeld kuyambira 2008 kufikira 2010. Katongo ameneyu ndiye anatsogolera Chipolopolo pa 12 Febuluwale 2012, pamene inagonjetsa Ivory Coast pa mapenate 8 kwa 7 ku Libreville komwe kuja, nitenga Cikho ca Africa nthawi yoyamba. M'gulu limenelo munalinso Nathan Sinkala, mng'ono wace wa Andrew.

Ngongole ya ku Gwangju inagona zaka 29. M'Marici 2017 anyamata athu osapitirira zaka 20, ophunzitsidwa ndi Beston Chambeshi, anatenga cikho ca Africa ca msinkhu wao ku Lusaka, napita ku South Korea komweko kukayesana ndi a maiko onse. Pa 31 Meyi anakomana ndi Germany pa cilumba ca Jeju. Ajeremani anayamba kumwetsa, koma Emmanuel Banda anabweza, Fashion Sakala mwana wa ku Chipata anaonjezera, ndipo Enock Mwepu anamwetsa cacitatu patatsala mphindi zinai. Anthu anayamba kubvina, kuiwala kuti Mjeremani sataya mtima wenzulo isanalire. M'kanthawi kocepa kotsalako iwo anamwetsa ziwiri, ndipo panafunika nthawi yoonjezera. M'menemo Shemmy Mayembe anamwetsa cacinai, masewera natha 4 kwa 3. Cozizwitsa ncakuti m'masewera otsatira anyamatawa anagonja kwa Italy 3 kwa 2. Mwa ici mbiri inatembenuka cadodolido: m'caka ca 1988 tinagonjetsa Italy ndi kugwa kwa Germany, ndipo m'caka ca 2017 tinagonjetsa Germany ndi kugwa kwa Italy, zonsezi m'dziko limodzi.

Akazi naonso ali ndi gawo lao m'nkhaniyi. Pa 7 Julayi 2023 gulu la akazi a Zambia linasewera ku Fürth, kwao kwa Ajeremani, amene akazi ao anatenga Cikho ca Dziko Lonse m'zaka za 2003 ndi 2007. Barbra Banda ndi Racheal Kundananji anamwetsa cimodzi cimodzi. Eni mudzi, monga mwa cizolowezi cao, anabweza zonse ziwiri m'mphindi zotsiriza, koma Barbra Banda anathamanga yekha ndi mpira naudumphitsa pamwamba pa wapagolo, ndipo Zambia inapambana 3 kwa 2. Caka cotsatira, pa masewera a Olympic ku France, Ajeremani anabwezera 4 kwa 1. Komabe makolo amene anali kunena kuti mpira suyenera mwana wamkazi anatsala ndi mau ocepa.

Eni Ace a Gulu Ndani?

Tsono tifike pa cinthu cimene outsata ambiri a kwathu sacisamala. Iwo adziwa maina a osewera ndi mitengo imene anagulidwa nayo; ena akumbukira bwino usiku wa pa 8 Julayi 2014, pamene Germany inamwetsa Brazil zigoli 7 kwa 1 ku Belo Horizonte. Koma mphamvu ya mpira wa Ajeremani siili mwa osewera okha ai. Magulu ao ambiri anayamba monga mabungwe a anthu a m'mudzi, osonkha ndalama caka ndi caka ndi kusankha okha atsogoleri ao. M'caka ca 1998, pamene analola kuti magulu aziyendetsedwa ngati makampani, anaika lamulo lochedwa 50+1, lakuti mavoti oposa theka akhalebe m'manja mwa mamembala. Magulu a pa nchito monga Bayer Leverkusen ndi Wolfsburg anapatulidwa pa lamuloli, koma kwa enawo munthu wacuma sangathe kugula gulu monga agulira ng'ombe pa msika. Cifukwa ca ici mitengo yolowera m'mabwalo ikhala yocepa poyerekeza ndi ya ku England, ndipo ku Dortmund anthu pafupi-fupi 25,000 aonera masewera ciriri mbali imodzi yokha ya bwalo. M'Febuluwale 2024, akulu a Bundesliga atafuna kugulitsa gawo la ndalama za kanema kwa amalonda akunja kwa mpira, ocemerera anaponya timipira ta tenesi m'mabwalo sabata ndi sabata mpaka maganizowo anatayidwa.

Kwathu zinthu zinayenda mwa njira ina. Magulu a ku Copperbelt anali kudya m'dzanja la migodi, ndipo pamene migodi ya ZCCM inagulitsidwa, nchito imene inatha m'caka ca 2000, dzanja lija linafupika. Mufulira Wanderers, imene inakhala yoposa onse m'Zambia kasanu ndi kanai, inatsika m'gawo lapansi nikhala kumeneko zaka zambiri, ndipo Roan United inaona mabvuto omwewo. Migodi ya ku Ruhr inatsekedwa, koma Schalke, ngakhale inatsikanso m'gawo laciwiri m'zaka za 2021 ndi 2023, inadzazabe bwalo lace ndi anthu zikwi makumi-makumi, cifukwa eni ace ndiwo anthuwo. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Sitinena kuti kuonera mpira wa maiko ena nkolakwa, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma mnyamata amene alipira ndalama kuti aone Bayern pa kanema wa pa sitolo, kapena ataya za fodya ndi mtedza wa atate ace pobecha masewera a ku Munich, pamene gulu la mudzi wace lisowa mpira umodzi wokha, watengako makoko nasiya cakudya. Fashion Sakala sanagwe kumwamba. Anayambira pa mabwalo a pfumbi a kum'mawa kuno, onga amene ali pa sukulu za ku Zemba ndi ku Chadiza. Inu amene mudziwa kulemba ndi kuwerengera ndalama mungathe kusonkhanitsa anzanu, kulemba maina a mamembala m'buku, kusankha mlembi ndi msungi wa cuma wokhulupirika, kulambula bwalo, ndi kupatsa atsikana nthawi yao yosewera. Umo ndimo anayambira ana a anchito a malasha ku Gelsenkirchen m'caka ca 1904, ndipo pa gule pfumbi ndiwe mwini.