Liwu Lovomereza ndi Kulanga Komwe: Mbiri ya "Sanction" ndi Kamasuliridwe Kake

Pa mawu a Chingerezi amene akhala akusautsa omasulira nkhani m'Chichewa, ndi ochepa amene amaposa liwu lakuti *sanction*. Liwuli lili ndi matanthauzo awiri otsutsana. Likagwiritsidwa ntchito ponena za nduna ndi mapulani omanga mlatho, ndiye kuti ndunayo yavomereza kuti mlathowo umangidwe. Likagwiritsidwa ntchito ponena za bungwe la masewero ndi timu ya mpira, ndiye kuti timuyo yalangidwa. Mkonzi amene wasemphanitsa matanthauzowa amauza awerengi ake kuti boma laletsa chinthu chimene lalola.

Gwero la liwuli ndi Chilatini. Aroma anali ndi mneni wakuti *sancire*, kutanthauza kupatula chinthu kuti chikhale chosayenera kuphwanyidwa. Lamulo likakhazikitsidwa, gawo lake lonena zimene zidzagwere munthu wolinyozera ankalitcha *sanctio*. Kotero matanthauzo awiriwa ndi nthambi za mtengo umodzi: ulamuliro umene umati "izi zichitike" ndi womwewo umene umati "wokana adzaona". M'Chingerezi liwuli lidalowa m'zaka za m'ma 1500, makamaka ponena za malamulo a mpingo. Tanthauzo lokhaulitsa dziko lathunthu posachita nalo malonda lidafala nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, m'nthawi ya bungwe la League of Nations, ndipo lidamveka kwambiri mu 1935 pamene bungweli lidayesa kukhaulitsa Italy chifukwa cholanda Ethiopia. Chodabwitsa n'chakuti ndime 41 ya pangano lokhazikitsa United Nations, imene imapereka mphamvu zoterezi, silitchula liwuli n'komwe.

Amene angaseke Chingerezi pa ichi ayambe wayang'ana mneni wa Chichewa wakuti *kulanga*. Bwalo lamilandu limalanga mbala, anamkungwi nawonso amalanga namwali wosalakwa kanthu. Pa tsinde lomweli pakuchokera *chilango* ndi *malangizo*. Mwini chiyankhulo sasokonezeka, pakuti amadziwa wolanga ndani, wolangidwa ndani, ndiponso mwambowo ukuchitikira kuti. Vuto limabuka munthu akamawolotsa liwu lotere kuchoka m'chiyankhulo china kupita m'chinzake.

Mzinda wa Lilongwe uli ndi mbiri yolukana ndi liwuli koposa mmene ambiri amaganizira. Ian Smith atalengeza pa 11 Novembala 1965 kuti Rhodesia yadzilamulira yokha popanda chilolezo cha Britain, nthambi yachitetezo ya United Nations idalamula maiko, mu Disembala 1966, kuti aleke kugula katundu wina wa dzikolo, ndipo mu 1968 lamuloli lidakhudza pafupifupi malonda onse. Zambia idatsatira n'kuvutika nazo kwambiri, mpaka idachita kuyala paipi ya mafuta kuchokera ku Dar es Salaam. Malaŵi, amene ana ake ambiri ankagwira ntchito m'minda ndi m'migodi ya kumwera, adatenga njira ina. Mu 1967 boma la Dr H. Kamuzu Banda lidakhazikitsa ubale waukazembe ndi South Africa, dziko limene maiko ambiri ankalisala chifukwa cha tsankho. Britain itakana kuthandiza ntchito yosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, South Africa ndiye idapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni mu 1968, chaka chimene bungwe la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa. John Vorster adabwera kudzacheza mu 1970, Dr Banda adapita kwawo mu 1971, ndipo mu 1975 Lilongwe idakhala likulu. Choncho Capital Hill ndi City Centre zidayamba kumera ndi ndalama za dziko limene maiko ambiri ankafuna kuti likhaulitsidwe.

Mu 1992 nkhwangwa idatembenukira kuno. Kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi, Chakufwa Chihana adamangidwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo, ndipo mu Meyi maiko ndi mabungwe opereka thandizo, atakumana ku Paris, adaimitsa thandizo lachitukuko kufikira boma litakonza nkhani za ufulu wa anthu. Thandizo la njala ndi la othawa nkhondo a ku Mozambique lidapitirira. Chiganizochi chidali cha maiko ndi mabungwe amene nthumwi zawo zili ndi maofesi ku City Centre ndi nyumba ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, koma kulemera kwake kudakamvekera kutsidya la mtsinje, mumsika wa ku Old Town, kumene mitengo ya katundu idakwera kwacha itachepetsedwa mphamvu m'chaka chachilala chimenecho. Pa 14 Juni 1993 anthu adavotera ndale za zipani zambiri.

Apa ndi pamene kusankha liwu kumasanduka nkhani yaikulu. Wolemba mbiri ya 1992 m'Chichewa akati maiko akunja adapereka *chilango*, waweruza kale mlandu, pakuti chilango chimagwera wolakwa ndipo wochipereka amakhala ndi udindo woweruza. Funso limene limatsala n'lakuti wolakwayo anali yani: boma, kapena mayi wogulitsa usipa amene ndalama yake idaleka kugula sopo? Liwu la Chingerezi lija limabisa funsoli; la Chichewa limaliika poyera. *Chiletso* sichiweruza choncho. Chimangonena kuti njira yatsekedwa, ndipo n'chifukwa chake *ziletso za malonda* ndi mawu oyenera ponena za Rhodesia. Koma pa za 1992 ngakhale *chiletso* sichikwana, popeza palibe amene adaletsa Malaŵi kugulitsa fodya kapena tiyi kunja. Zimene zidachitika ndi *kuimitsa thandizo*, ndipo mawu awiri amenewa ndi okwanira. Ndi omwewonso oyenera ponena za 2013, pamene opereka thandizo adaleka kuika ndalama mu bajeti chifukwa cha kubedwa kwa chuma cha boma ku Capital Hill.

Mumsika momwemo Chichewa chidasiyanitsa kale zimene Chingerezi chidaziunjika m'liwu limodzi. Wogulitsa kaunjika kapena matimati amadziwa kuti *chilolezo* ndi kulola kwa khonsolo kuti achite malonda pamalopo, *chiphaso* ndi pepala lochitira umboni chilolezocho, *chindapusa* ndi ndalama imene amalipa akaphwanya lamulo, ndipo *kulandidwa katundu* ndi tsoka limene limagwera woyala malonda pamalo oletsedwa. Mu 2006, pamene boma lidachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda, mawu onsewa adagwira ntchito, lililonse pamalo pake. Womasulira malamulo a khonsolo sayenera kupeka mawu atsopano pamene eni malonda ali nawo kale akuthwa chotere.

Njira yobwereka liwuli n'kulilemba kuti *sankishoni* ndi yosathandiza. Kubwereka kumayenera pamene chinthu chafika chopanda dzina, monga wailesi kapena kompyuta. Pano mayina alipo ochuluka, ndipo liwu lobwerekalo lingabwere ndi chisokonezo chake chomwe.

Chimene chingathandize aphunzitsi ndi akonzi ndi kuona mmene liwulo laimira m'chiganizo cha Chingerezi. Likakhala dzina lochulukitsa, pafupifupi nthawi zonse likunena za ziletso kapena zilango. Likakhala dzina la chinthu chimodzi, lotsatana ndi dzina la waudindo monga Nyumba ya Malamulo kapena khoti, kawirikawiri likunena za chivomerezo. Likakhala mneni ndi pamene pali msampha weniweni, ndipo womasulira ayang'ane pamtherankhani: ngati ndi ntchito, ulendo kapena ndalama, zavomerezedwa, ngati ndi munthu, kampani kapena dziko, kawirikawiri zalangidwa kapena zaikiridwa ziletso. Nkhani za Zimbabwe zimayesa luso limeneli chaka ndi chaka, chiyambire 2019 pamene bungwe la SADC lidasankha 25 Okutobala kukhala tsiku lotsutsa zimene maiko a azungu adaikira dzikolo. Boma la Zimbabwe limati zimenezi zidapweteka dziko lonse, pamene oziika ankati zidalunjika kwa anthu ndi makampani owerengeka. Mtolankhani wosafuna kuimira mbali alembe *ziletso*, kenaka atchule amene adaziika ndi amene adaikiridwa.