Mungatume Mwana Uti? Mbiri ya Kuyeza Nzeru Pakati pa Achewa

Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti anthu a kuno ku Kasungu amakwera mabasi kulowera ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, komwe mafumu a Achewa, kuphatikizapo a Lukwa, amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Ambirife Katete timangomudziwira mwambo wa Kulamba basi. Koma m'mabuku a saikoloji, maphunziro a kaganizidwe ndi khalidwe la munthu, boma limeneli limatchulidwa pa chifukwa china. Kumeneko, mu 1973, wofufuza wina anayamba kufunsa akuluakulu a m'midzi kuti mwana wanzeru amamudziwa bwanji. Zimene anamuyankha zikukhudza aliyense amene anayang'anapo pa mndandanda wa okhoza mayeso, dzina lake osalipeza.

Tiyambire kutali pang'ono. Mayeso oyezera nzeru anayambira ku Paris mu 1905, pamene Alfred Binet ndi Théodore Simon anakonza mafunso oti azizindikirira ana ofunika thandizo lapadera m'kalasi. Cholinga chinali chabwinobwino. Koma atafika ku America, Lewis Terman wa pa yunivesite ya Stanford anawakonzanso mu 1916, ndipo posakhalitsa anthu anayamba kuona ngati nambala imodzi ya IQ ndi sikelo yopimira munthu yense wathunthu, ngati mmene timapimira belo la fodya.

Kuno kumwera kwa Africa, amene anailandira ndi manja awiri sikeloyo anali eni migodi. Mu 1946 ku South Africa kunakhazikitsidwa bungwe lofufuza za antchito, National Institute for Personnel Research, ndipo mtsogoleri wake anali Simon Biesheuvel. Bungweli linakonza mayeso osankhira anthu akuda olowa ntchito m'migodi ya golide. Popeza anthuwo ankalankhula zinenero zosiyanasiyana, malangizo ankaonetsedwa pa kanema wopanda mawu: sanja tizitsulo iti, lumikiza timatabwa iti, fulumira. Zotsatira zake zinkathandiza mabwana kusankha woyendetsa makina, kapitawo ndi wogwira fosholo. Agogo athu amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela ankalowa m'migodi yomweyi. Mayesowo sankafunsa kuti munthuyu amatha kuweruza mlandu, kusunga mbewu kapena kulera ana amasiye. Ankangofuna kudziwa kuti mgodi umugwiritse ntchito iti.

Mu 1960 William Hudson, wa bungwe lomwelo, anafalitsa kafukufuku amene anatchuka kwambiri. Ankaonetsa anthu chithunzi chojambula pamanja: mlenje wagwira mkondo, patsogolo pake pali gwape, ndipo pakati pawo pajambulidwa kanjovu kakang'ono pa phiri, kusonyeza kuti ili kutali. Funso linali lakuti mlenjeyu akufuna kubaya chiyani. Antchito ambiri osapita kusukulu ankati njovu, paja papepalapo ndi imene inayandikira nsonga ya mkondo. Ena anathamangira kunena kuti Mwafirika ali ndi vuto pa kaonedwe ka zinthu. Taganizani, munthu woti amalasa mbalame ndi legeni ili m'mwamba mwa mtengo, eti sadziwa kusiyanitsa pafupi ndi patali!

Apa ndi pomwe akulowera Robert Serpell, Mngelezi amene anafika ku Lusaka mu 1965 ali mnyamata, n'kudzakhala mkulu woyendetsa yunivesite ya Zambia kuyambira 2003 mpaka 2006. Iye anaona zomwe aliyense wokulira m'makwalala athu amazidziwa: anyamata amapinda mawaya n'kupanga galimoto yokhala ndi chiwongolero chokhota bwinobwino. Ndiye anayesa ana a ku Lusaka ndi a ku Manchester ku England, kuwauza kuti atengere maonekedwe a zinthu zimene aonetsedwa. Atawapatsa pensulo ndi pepala, ana a ku England anapambana. Atawapatsa waya, a ku Zambia anawasiya kutali. Pa zoumbaumba, zimene magulu onse awiri anazizolowera, sanasiyane kwenikweni. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1979. Tanthauzo lake ndi losavuta: kawirikawiri mayeso amayeza chimene manja a mwana anazolowera, ife n'kumati tayeza ubongo wake. Kuchokera m'maganizo omwewa munatuluka mayeso otchedwa Panga Munthu, omwe mwana amapatsidwa dongo kuti aumbe munthu m'malo momujambula.

Ntchito ya ku Katete ndiyo inalowa mozama. Serpell ndi anzake ankatchulira akuluakulu mayina a ana a m'mudzi momwemo, a msinkhu umodzi, n'kuwapatsa chitsanzo. Tiyerekeze nyumba yagwira moto ndipo pali ana awa okha: mungatume uti kukaitana anthu? Mwachapa zovala kudambo koma poyanika panu pali matope: mungatume uti kukafuna malo ena? Akatchula mwana, ankafunsidwa chifukwa. Kenako ana omwewo anayesedwa ndi mayeso osiyanasiyana, ena okonzedwa ndi zinthu zozolowereka kumudzi. Chodabwitsa n'chakuti ana amene akuluakulu ankawasankha sanali kwenikweni amene ankakhoza kwambiri mayesowo.

Sikuti agogowo ankalakwitsa ayi. Ankayeza chinthu china. M'mayankho awo Serpell anapeza kuti nzeru, kapena kuti nzelu monga amalembera ku Zambia, zili ndi mbali ziwiri. Ina ndi kuchenjera: kugwira zinthu msanga, kupeza njira pamene ena asowa. Inayo ndi kutumikira, ndipo mkati mwake muli kumvera ndi kukhulupirika: mwana woti ukamutuma amamvetsa chimene chikufunika, amakafikadi, chenji n'kubweza. Kuchenjera kopanda mbali yachiwiriyi akuluakulu ankakuopa. Ndi kuchenjera kwa Kalulu wa m'nthano, amene amamwa madzi pa chitsime chimene anakana kukumba nawo. Paja amati nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

Serpell anawatsatira anawo kwa zaka zoposa khumi mpaka atakula, ndipo mbiri zawo zili m'buku lake la 1993, The Significance of Schooling. Ambiri sanamalize pulayimale. Chowawa n'chakuti ambiri mwa osiyira panjirawo ankadziimba okha mlandu kuti nzeru zinawachepera, ngakhale anali alimi odalirika ndi makolo osunga mabanja. Iye anayerekeza sukulu ndi makwerero amene amanka napanikiza: pansi pamalowa khamu, pamwamba pamatulukira anthu owerengeka, ndipo wopambana ndi amene wachoka m'mudzi.

Makwerero amenewa ife a ku Kasungu sitichita kuuzidwa. Nsonga yake ili pa Mtunthama pompa, pomwe Kamuzu Academy inatsegulidwa mu 1981 kuti ana osankhika ochepa aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Tsinde lake linakula mu 1994 pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ana olembetsa n'kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, pomwe malo a ku sekondale sanakule motero. Pakati pa makwererowa ndi pomwe anatsikira William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. Anatola zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale n'kupanga makina oyendera mphepo owunikira nyumba ya makolo ake. Mwana wa mawaya uja wa Serpell ndi ameneyu, ndipo mabuku amene ankabwereka ku laibulale ya pa sukulu ya pulayimale anamuthandiza kwambiri. Choncho nkhaniyi si yonyoza sukulu.

Si yokometsanso zakale zonse. Mawu oti kutumikira amakomera wotumayo. M'minda ya fodya kuno, mwana womvera ndi amene amayamba kujombetsedwa nyengo yothyola ndi kusoka ikafika, ndipo mtsikana wokhulupirika ndi amene amasiyiridwa khanda anzake ali m'kalasi. Amatamandidwa kuti ndi wanzeru, kenako mayeso a Sitandade 8 amadzamuuza kuti ndi mbuli. Sikelo ziwirizi zikamakokana, amene amalipira ndi mwana yemweyo.

Chimene kafukufuku wa ku Katete anasiya ndi malire a zimene pepala la mayeso lingathe kunena. Zotsatira za MANEB zimanena zoona pa chinthu chimodzi: mmene munthu anayankhira mafunso olembedwa, ambiri m'Chingerezi, pa masiku angapo a chaka chimodzi. Satifiketi ndi yofunika, ndipo amene angathe kubwereza abwereze ndithu. Koma amene anatsalira asamachite kudziweruza ndi mawu oti nzeru, chifukwa m'chinenero chathu mawuwo ndi aakulu kuposa mapointi. Akuluakulu a ku Katete akanamva mapointi anuwo, akanagwedeza mutu mwaulemu, kenako n'kufunsa anthu a kwanu ngati amakutumani nyumba ikagwira moto.