Okalamba m'kalasi: mbiri ya maphunziro a opuma pa ntchito m'makoleji a ku America

Kuno kwathu tikamva kuti munthu wa imvi wayamba sukulu, timaganiza za sukulu ya kwacha, kumene akuluakulu amaphunzira kuwerenga ndi kulemba. Ku America kulinso sukulu ya akulu ya mtundu wina. Ambiri opitako ndi anthu ophunzira kale, ena anali aphunzitsi, anamwino kapena akalaliki, ndipo atapuma pa ntchito anabwerera m'kalasi kukaphunzira mbiri yakale, kujambula, zilankhulo kapena kompyuta. Mayeso salemba, satifiketi salandira.

Mwambo wosonkhana kuti akulu aphunzire ndi wakale m'dzikolo. Mu 1826 Josiah Holbrook anayambitsa timagulu totchedwa lyceum ku Millbury, m'chigawo cha Massachusetts, momwe alimi ndi amisiri ankakumana madzulo kumvera nkhani za sayansi ndi kukambirana. Mu 1874 Lewis Miller ndi John Heyl Vincent anatsegula msasa wophunzitsira aphunzitsi a Sande sukulu m'mphepete mwa nyanja ya Chautauqua, ndipo m'zaka zochepa msasawo unasanduka malo a maphunziro osiyanasiyana a m'nyengo yotentha. Koma zonsezi sizinakonzedwere okalamba mwapadera. Masiku amenewo munthu ankagwira ntchito mpaka mphamvu zitatha, ndipo opuma ali ndi thanzi ndi kandalama anali owerengeka.

Zinthu ziwiri zinayenera kuchitika kaye. Choyamba chinali koleji yapafupi ndi kunyumba. Joliet Junior College ya ku Illinois inayamba mu 1901 ndi ophunzira asanu ndi mmodzi okha, monga kupitiriza kwa sekondale. Mu 1947 komiti imene Pulezidenti Harry Truman anaika kuti iunike maphunziro apamwamba inalimbikitsa makoleji a zaka ziwiri otumikira anthu onse a m'dera, ndipo dzina loti community college linafala kuchokera pamenepo. M'zaka za m'ma 1960 makoleji amenewa anachuluka mofulumira kwambiri. Chachiwiri chinali penshoni. Lamulo la Social Security la 1935 linapatsa okalamba ndalama ya mwezi ndi mwezi, ndipo mu 1965 kunabwera Medicare yowalipirira chipatala, pamodzi ndi lamulo la Older Americans Act. Apa panaoneka munthu amene kale anali wosowa: wa zaka 65, wanyonga zake, wokhala ndi tsiku lonse lopanda bwana.

Chimene chinasintha nkhani yonse, m'kuona kwanga, chinachitika ku New York mu 1962. Gulu la aphunzitsi opuma pa ntchito linapeza malo ku New School for Social Research n'kukhazikitsa Institute for Retired Professionals. Iwowa sanafune kuti wina aziwasankhira zosangalatsa zotayitsa nthawi. Ankasankha okha mitu, mmodzi n'kukonzekera phunziro, n'kutsogolera anzake pokambirana. Sabata ina wotsogolerayo amakhala pansi n'kumvera mnzake. Yunivesite inkapereka chipinda ndi dzina, ntchito yeniyeni ankaigwira eni ake. Njira imeneyi inali yotchipa, ndipo inachotsa manyazi amene munthu wa zaka 70 angakhale nawo pokhala pansi pa mphunzitsi wofanana msinkhu ndi mdzukulu wake. Harvard inatsegula bungwe lofanana nalo mu 1977, ndipo ena ambiri anatsatira.

Zaka za m'ma 1970 ndizo zinali za mphukira zambiri. Ku France, Pierre Vellas anayambitsa yunivesite ya okalamba ku Toulouse mu 1973. Ku America, Marty Knowlton ndi David Bianco anaona kuti zipinda zogona za ophunzira zimangokhala zopanda anthu pa holide yaitali, ndipo mu 1975 anayamba Elderhostel m'makoleji asanu a ku New Hampshire. Anthu 220 anabwera chaka choyambacho, kugona m'mabedi a anyamata a pa koleji ndi kulowa m'kalasi m'mawa. Bungweli lilipobe, koma tsopano limatchedwa Road Scholar ndipo limadziwika kwambiri ndi maulendo. M'zaka zomwezo Santa Monica College ya ku California inatsegula nthambi ya Emeritus, yophunzitsa okalamba kwaulere ndi ndalama za boma la chigawocho. Zigawo zambiri zinaikanso malamulo oti wa zaka 60 kapena 65 asalipire fizi m'makoleji a boma. Komatu mphatsoyi ili ndi mchira: kawirikawiri wokalambayo amalembetsa pomalizira, ngati olipira asiyako malo, ndipo mabuku amagula yekha.

Ganizo la ku Toulouse litafika ku Britain linasintha nkhope. Peter Laslett, Michael Young ndi Eric Midwinter anakhazikitsa University of the Third Age yawo mu 1982 popanda kudalira yunivesite iliyonse. Mamembala amaphunzitsana m'nyumba zawo ndi m'maholo obwereka, n'kumasonkha kandalama kochepa pa chaka.

Ku America ndalama zazikulu zinachokera kwa munthu mmodzi wolemera. Bernard Osher, wamalonda wobadwira ku Maine, anayamba mu 2001 kuthandiza maphunziro a okalamba ku University of Southern Maine, ndipo lero mabungwe otchedwa ndi dzina lake apitirira 120 m'zigawo zonse 50. Ambiri mwa iwo ali m'mayunivesite akuluakulu, ndipo membala amalipira. Choncho wopuma pa ntchito ya m'fakitale kapena yoyendetsa basi nthawi zambiri amadalirabe koleji ya m'dera lake, imene ili pafupi ndiponso yotsika mtengo.

Kumeneko ndiye kuli vuto. Mu 2008 bungwe la makolejiwa, American Association of Community Colleges, linayambitsa ndondomeko ya Plus 50 ya anthu opitirira zaka 50. Poyamba inali ndi mbali za kuphunzira mongodzikondweretsa, ntchito zodzipereka ndi kuphunzira luso latsopano. Chaka chomwecho chuma cha dziko chinagwa, anthu a zaka za m'ma 50 anachotsedwa ntchito mwaunyinji, ndipo ndondomekoyo inapendekera ku maphunziro opezera ntchito, makamaka za chipatala, uphunzitsi ndi zothandiza anthu. Ku California, boma litachepetsa ndalama, makoleji anauzidwa kuika patsogolo okonzekera yunivesite, ophunzira ntchito zamanja ndi ofuna maphunziro oyambira. Makalasi ambiri a okalamba anatsekedwa. Sindingawadzudzule kwambiri amene anaganiza choncho, chifukwa mnyamata wosowa ntchito ndi wovuta kumubweza pakhomo. Koma zinaonetsa kuti kalasi ya agogo yojambula ndi kuimba imawerengedwa ngati chinthu choonjezera, choyamba kudulidwa chuma chikavuta, ngakhale kuti kwa wamasiye wokhala yekha kalasiyo mwina ndi chifukwa chokhacho chotulukira m'nyumba sabata imeneyo.

Mliri wa Covid-19 mu 2020 unatseka zipinda zonse, ndipo makalasi anasamukira pa Zoom. Anthu amene ankanenedwa kuti sangathe makina atsopano anaphunzira, mabungwe ambiri asungabe makalasi a pa intaneti mpaka lero, ndipo odwala miyendo ndi okhala kutali apindula. Opanda intaneti yodalirika anatsalira.

Pa zaka 60 zapitazi, magulu amene apirira bwino ndi amene okalamba eni ake amasankha zophunzira, kuphunzitsana ndi kusonkha ndalama. Makalasi odalira bajeti ya boma amafikira osauka ambiri, koma amatseguka ndi kutsekeka malinga ndi mmene chuma chayendera chaka chimenecho.