Tsiku la 25 Novembala m'Mbiri ya Nkhondo

Anthu ambiri akamva za kutha kwa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse amakumbukira tsiku la 11 Novembala 1918, pamene mfuti zidaleka kulira ku Ulaya. Koma kuno ku Africa nkhondoyo sidathe tsiku limenelo. Gulu lomaliza la asilikali a Germany lidatula pansi zida patapita masabata awiri, pa 25 Novembala, m'tauni ya Abercorn imene lero ikutchedwa Mbala, kumpoto kwa Zambia. Tsiku lomweli lidaonanso zoopsa zina m'zaka zosiyanasiyana. M'tsikulo mulibe matsenga ayi. Chaka chili ndi masiku 365 okha pamene nkhondo zimene anthu amenya nzosawerengeka, motero zina ziyenera kugwera tsiku limodzi. Komabe zikaikidwa pamodzi zimaonetsa zimene munthu sangazione poziwerenga payokhapayokha.

Yakale kwambiri mwa nkhondozi idamenyedwa pa 25 Novembala 1177 pa malo otchedwa Montgisard, pafupi ndi mzinda wa Ramla. Saladin, wolamulira dziko la Egypt, adabwera ndi khamu lalikulu kudzathira nkhondo ufumu umene Akhristu ochokera ku Ulaya adakhazikitsa ku Jerusalem. Mfumu ya kumeneko, Baldwin IV, inali mnyamata wa zaka 16 wodwala khate, ndipo asilikali ake anali ochepa zedi. Saladin adaiona ngati nkhondo yathatha kale, nalola anthu ake kumwazikana m'midzi kukalanda chuma. Akuluakulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Baldwin adatuluka mu mzinda wa Ascalon m'mene adam'tsekera, nawagwera modzidzimutsa asanasonkhane. Saladin adapulumukira mkamwa mwa mbuzi, ndipo adakafika ku Egypt ndi anthu owerengeka. Chikondwerero cha opambanawo sichidakhalitse. Baldwin adamwalira mu 1185, ndipo mu 1187 Saladin yemweyo adaphwanya adani ake ku Hattin n'kulanda Jerusalem.

Pa 25 Novembala 1783 asilikali omaliza a Britain adachoka mu mzinda wa New York, George Washington n'kulowamo ndi gulu lake. Apo ndiye padathera ulamuliro wa Angerezi m'dziko latsopano la United States. Mabuku ambiri amaiwala kunena kuti m'chaka chimenecho zombo za Angerezi zidanyamulanso anthu akuda pafupifupi 3,000, ambiri mwa iwo othawa ukapolo, kupita nawo ku Nova Scotia. Ena mwa iwo adaolokanso nyanja mu 1792 n'kukamanga mzinda wa Freetown ku Sierra Leone.

Zaka 80 zitapita, Amereka ankamenyana okhaokha, ndipo gwero la mkangano linali ukapolo womwewo. Pa 25 Novembala 1863 asilikali a kumpoto, motsogozedwa ndi Ulysses Grant, adayang'anizana ndi a kummwera amene adakhazikika pamwamba pa chitunda cha Missionary Ridge, pafupi ndi mzinda wa Chattanooga. Gulu lalikulu lidalamulidwa kulanda maenje a adani amene anali m'tsinde mwa chitundacho. Litawalanda, lidapeza kuti zipolopolo zochokera pamwamba zikuwagwera ngati matalala, ndipo kukhala pamenepo kunali kudikira imfa. Asilikaliwo adayamba kukwera popanda kudikira lamulo lina, mpaka adani adathawa. Mmodzi mwa amene adafika pamwamba atanyamula mbendera anali mnyamata wa zaka 18, Arthur MacArthur.

Dzina limeneli lidabwereranso pa tsiku lomwelo, koma mwa mtundu wina. Mwana wake, Douglas MacArthur, ndiye ankatsogolera asilikali a United Nations pa nkhondo ya ku Korea. Pa 24 Novembala 1950 adalamula gulu lake kuti lilowere kumpoto mpaka ku mtsinje wa Yalu, m'malire ndi China, ali ndi chikhulupiriro chakuti anyamata ake akadyera Khirisimasi kwawo. Sadalabadire zizindikiro zakuti asilikali a China, amene ankayenda usiku n'kumabisala m'mapiri masana, anali ataoloka kale mtsinjewo mwaunyinji. Usiku wa pa 25 Novembala adawagwera pa mtsinje wa Chongchon. Gulu la MacArthur lidabwerera m'mbuyo chothawa, mzinda wa Seoul udalandidwa mu Januwale 1951, ndipo mu Epulo Pulezidenti Harry Truman adam'chotsa pa udindo. Cholakwa chake sichidasiyane kwenikweni ndi cha Saladin: adawerengera mdani asanamuone.

Panyanja napo tsikuli lidasiya maliro. Pa 25 Novembala 1941 sitima ya pansi pa madzi ya Germany idaphulitsa chombo chankhondo cha Britain chotchedwa Barham pafupi ndi gombe la Egypt. Chidamira m'mphindi zochepa pamodzi ndi anthu oposa 800, ndipo boma la Britain lidabisa nkhaniyi mpaka Januwale 1942.

Koma kumene tsikuli lidabwera kawiri, chaka ichi ndi chotsatira, kwa munthu mmodzi ndi gulu limodzi, ndi kuno pafupi. Pofika mu Novembala 1917, Paul von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Germany m'dziko limene lero ndi Tanzania, anali atapanikizidwa kummwera kwenikweni kwa dzikolo. Chakudya, zipolopolo ndi mankhwala a malungo zinali zitatsala pang'ono kutha. Adasiya odwala ndi ovulala m'mbuyo, nasankha Azungu pafupifupi 300 ndi asilikali achikuda pafupifupi 1,700, pamodzi ndi onyamula katundu zikwi zingapo. Pa 25 Novembala 1917 adaoloka mtsinje wa Rovuma kulowa m'Mozambique, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lugenda umathira. Pa Negomano panali msasa wa Apwitikizi wa asilikali pafupifupi 900, motsogozedwa ndi João Teixeira Pinto. Msasawo sudatchingidwe mokwanira. Udagwa tsiku lomwelo, Pinto adaphedwa, ndipo Ajeremani adatola mfuti, zipolopolo, mankhwala ndi chakudya. Gulu limene linali pafupi kufa lidapezanso moyo ndi katundu wa adani ake.

Kuyambira pamenepo nkhondo idasanduka mpikisano wa miyendo. Kwa miyezi khumi Lettow-Vorbeck adazungulira kumpoto kwa Mozambique, mpaka kufika ku Namacurra pafupi ndi Quelimane mu Julayi 1918. Cholinga chake sichinali kulanda dziko, koma kutangwanitsa asilikali ambiri a Britain kuti asapite ku Ulaya. Ena mwa amene ankamuthamangitsa anali asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland, amene anthu ankangowatchula kuti a Keyala. Ku Lioma, pa 30 ndi 31 Ogasiti 1918, adatsala pang'ono kum'zinga, koma adawapulumuka. Kumapeto kwa Seputembala adaolokanso Rovuma, nazungulira kumpoto kwa nyanja ya Malawi, n'kulowa m'dziko la Northern Rhodesia.

Olemba mbiri ena amasimba ulendowu ngati nthano ya ngwazi. Kuchenjera kwa mkuluyu sikungakanidwe, koma amene adalipira sanali iye. Gulu lopanda nkhokwe limadya za eni mudzi. Kulikonse kumene lidadutsa, chimanga ndi ziweto zidalandidwa, amuna adagwidwa kuti anyamule katundu, ndipo zotsala zinkatenthedwa kuti otsatira m'mbuyo asapeze chakudya. Otsatirawo nawonso ankafuna anthu. Chifukwa cha kashembe, akavalo ndi ng'ombe zinkafa, misewu ya magalimoto inali yochepa, motero matumba ambiri a ufa ndi mabokosi ambiri a zipolopolo ankayenda pamutu pa munthu. Ku Nyasaland kokha amuna pafupifupi 200,000 adagwira ntchito ya mtengatenga, ndipo ena pafupifupi 19,000 adalowa usilikali. Mafumu ankakakamizidwa kupereka anthu, ndipo ambiri ankathawira m'tchire akamva kuti amesinjala afika. Pa nkhondo yonse ya kum'mawa kwa Africa, amtengatenga a mbali ya Britain amene imfa zawo zidalembedwa ndi pafupifupi 95,000, ambiri ndi kamwazi, malungo ndi njala, osati chipolopolo. Zimene John Chilembwe adadandaula mu 1914, kuti Aafirika akufera nkhondo ya eni, zinali zitapherezera iye atafa kale. Anthu a ku Nyasaland adaitcha nkhondoyi kuti ya Chiwaya, potengera mfuti yolira mosalekeza ija.

Pamene ku Ulaya ankasaina pangano pa 11 Novembala 1918, gulu la Ajeremani linali paulendo wa ku Kasama, losadziwa kanthu. Pa 14 Novembala Lettow-Vorbeck adakumana ndi Hector Croad, mkulu wa boma wa dera limenelo, pa mtsinje wa Chambeshi, ndipo adavomera kuleka kumenyana. Adalamulidwa kupita ku Abercorn. Kumeneko, pa 25 Novembala 1918, patatha chaka chathunthu chiolokereni Rovuma, adapereka gulu lake kwa mkulu wa asilikali a Britain, W. F. S. Edwards. Panali patatsala Azungu 155 ndi asilikali achikuda oposa pang'ono 1,100.

Mu Malichi 1919 Lettow-Vorbeck adalowa mu mzinda wa Berlin atakwera pa kavalo, anthu akum'chingamira ndi nthungululu za kwawoko. Asilikali ake achikuda adatsekeredwa mu msasa ku Tabora, kumene chimfine choopsa cha chaka chimenecho chidapha ambiri. Amtengatenga a ku Nyasaland adabwerera kwawo wapansi, napeza minda yosalimidwa ndi chimfine chomwecho chikusesa m'midzi. Mayina a asilikali a Keyala amene adafa adalembedwa pa chipilala cha chikumbutso ku Zomba. Ku Mbala, boma la Zambia lidachita mwambo wokumbukira zaka 100 pa 25 Novembala 2018.