Maliro N'kulirana: Mbiri ya Madzi Osefukira M'dziko Lathu

Lero sitikamba za mizere ya chimanga kapena za kupopera thonje monga mwa nthawi zonse. Ndifuna tikumbutsane mbiri ya madzi osefukira m'dziko lathu lino, ndiponso mwambo umene wakhala ukutiimika chilili madziwo akatigwetsa. Mwambo wake ndi uja wa pamaliro.

Tiyambe ndi zimene inu mukuzidziwa kale. Munthu akamwalira pamudzi, uthenga umayamba wafika kwa mfumu. Pamsewu amayalapo masamba kuti wodutsa adziwe kuti pano pagwa zovuta, ndipo tsiku limenelo palibe wopita kumunda. Amayi amafika ndi ufa m'mbale, ena amatunga madzi, ena amakhala m'nyumba ya siwa pamodzi ndi ofedwa. Abambo amadza ndi nkhuni nagona panja pamoto. Chipepeso chimalembedwa, ndipo chimalengezedwa pamaso pa onse. Koma chachikulu ndi ichi: mwini maliro sakumba manda. Ntchito imeneyo ndi ya adzukulu. Makolo athu anaona kuti munthu wosweka mtima alibe mphamvu ya kugwira khasu, tsono anaika lamulo lakuti ena amgwirire. N'chifukwa chake anati maliro n'kulirana.

Madzi osefukira nawo ndi maliro, koma ndi maliro ovuta kuposa ena. Pa imfa ya masiku onse nyumba yofedwa imakhala imodzi, ndipo nyumba zina zonse zimaithandiza. Madzi akalowa m'mudzi, nyumba zonse zimafedwa usiku umodzi. Uyu wataya mwana, uyo wataya nkhokwe, winayo watsala ndi nsalu yokha imene anagona nayo. Nanga pamenepo mdzukulu akhala yani? Mbiri yathu ikuyankha funso limeneli.

Tiyang'ane poyamba ku Chigwa cha Shire. Kuyambira chaka cha 1915 kufikira 1935 madzi a m'nyanja yathu yaikulu anali otsika, kotero kuti mtsinje wa Shire unatsekeka kumtunda kwake ndi mchenga ndi udzu. Pa zaka zimenezo anthu a ku Chikwawa ndi ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, analima madimba aakulu m'madambo mouma, nakolola chimanga ndi thonje. M'chaka cha 1935 madzi anaboola njira yawo, ndipo m'zaka zotsatira madambo aja anadzaza. Minda imene inadyetsa mabanja kwa zaka 20 inamira. Anthu anasamukira kumphala, ndiko kumtunda kouma, ndipo malo omanga ndi olima anawapeza kwa mafumu ndi abale a kumtundako. M'chigwamo munali kale mwambo wa dima, wolimirana munda mwini wake atafulula mowa, ndiponso magulu a achinyamata olima pamodzi otchedwa nomi. Anthu ozolowera kugwirirana khasu chotere sanasowe poyambira.

M'mwezi wa Disembala 1946 kunagwa mvula yoopsa pa phiri la Zomba, pamene Zomba inali likulu la Boma. Nthaka ndi miyala zinagumuka, milatho inakokoloka, ndipo anthu anafa. Akuluakulu anati wadutsa Napolo, chinjoka chija chimene amati chimatuluka m'phiri kunka kunyanja. Taonani, abale anga: pamenepo panali pakhomo penipeni pa Boma, koma mlatho ukapita galimoto siwoloka. Wofika msanga kwa munthu wovutika ndi amene ali naye tsidya limodzi.

Zomwezo zinachitikanso ku Phalombe m'mwezi wa Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi ndi kupha anthu mazana angapo. Tsoka limeneli linaphunzitsa Boma kuti thandizo liyenera kukonzedwa ngozi isanagwe, ndipo chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Pambuyo pake m'midzi munakhazikitsidwa makomiti oona za ngozi. Mukawayang'anitsitsa makomiti amenewa mudzaona kuti ntchito yawo si yachilendo ayi. Kuchenjeza anthu, kuwerenga osowa, kulemba mayina a ovutika ndi kugawa thandizo mwachilungamo, zonsezi mfumu ndi nduna zake akhala akuzichita pamaliro kuyambira kale.

Mu Januwale 2015 Boma linalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi ya madzi. Anthu oposa 100 anafa, ndipo pafupifupi 230,000 anasowa pokhala. Ku Makhanga, kumene mtsinje wa Ruo umayandikira Shire, misewu yonse inaduka. Asilikali anadza ndi mabwato a injini ndi ndege, ndipo anapulumutsa ambiri. Komanso ambiri amene anachezera m'mitengo ndi pa zulu anatsitsidwa ndi anansi awo okhala ndi mabwato osema. Masukulu ndi matchalitchi a kumtunda anasanduka nyumba za siwa za midzi yathunthu.

Tsoka lalikulu koposa linadza mu Malichi 2023 ndi namondwe wotchedwa Freddy. Anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muno, ndipo oposa 600,000 anasiya nyumba zawo. Ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre, matope anatsika m'phiri la Soche nakwirira nyumba pamodzi ndi eni ake. Anthu ena amati m'tauni mulibe chibale, pakuti aliyense anachokera kwawo. Koma amene anayamba kufukula matope aja ndi makasu, mafosholo ndi manja awo anali anyamata a komweko, ofukula anthu amene sanali a mtundu wawo kapena a mpingo wawo. Pulezidenti wa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, analamula kuti dziko lonse lilire masiku 14, ndipo mipingo, Asilamu, amalonda ndi Amalawi okhala kunja anasonkha ufa, zovala ndi ndalama. Chimenecho chinali chipepeso cha dziko lonse.

Tsono yankho la funso lathu lija ndi ili: mudzi wonse ukafedwa, mudzi woyandikana nawo ndiwo umakhala adzukulu. Boma lonse likafedwa, maboma ena ndiwo adzukulu. Komabe tisadzinamize kuti mwambo umenewu sungathe kufooka. Pa njala ya 1949, nkhokwe zitauma ponseponse m'chigawo cha kummwera, mabanja ena anabalalika, ndipo okalamba ndi amayi a ana ena anasiyidwa okha. Mtima wofuna kuthandiza ungakhalepo, koma munthu sapereka chimene alibe. Chifukwa chake thandizo la mawa liyenera kusungidwa lero.

Pano ndilankhule monga mlangizi. Pamaliro anthu sabalalika mtembo usanaikidwe, ndipo abale amatsala kufikira tsiku la kumeta. Pa madzi osefukira ambiri amathandiza sabata yoyamba, kenaka naiwala. Koma njala yeniyeni imadza pambuyo, pakuti madzi atenga chimanga cha m'munda pamodzi ndi mbewu ya m'nyumba. Inu amene minda yanu yapulumuka, chipepeso chanu chikhale mbewu. Madzi akaphwa, dothi limene asiya m'madimba limakhala lachonde ndi lachinyezi, kupatula pamene paunjikana mchenga. Mpatseni mnzanu chimanga chocha msanga, nyemba, nthanga za maungu, ndipo koposa zonse mbewu ya mbatata, pakuti kholowa amayamba kudya masabata owerengeka, ndipo mbatata yake amakumba patapita miyezi 4 kapena 5. Ngati dimba lake lakwiririka ndi mchenga, mubwerekeni ndime imodzi m'dimba lanu. Mayi wamasiye ndi nkhalamba musawadikire kuti apemphe. Itanani dima, mukawalimire, mukawamangirenso nyumba pamalo okwera.

Ndipo inu a kumtunda, kumbukirani kuti madzi amene amapha anthu ku Nsanje ndi mvula imene inagwa m'minda yanu. Mukadula mitengo ya m'phiri, mukalima mizere yotsetsereka, mukalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, madzi amathamanga osalowa pansi, natenga nthaka yanu kukakwirira nayo munda wa mnzanu. Kulima mizere yopingasa, kubzala udzu wa vetiva m'migula ndi kusiya mitengo m'mbali mwa mitsinje, kumeneko ndi kuthandiza pamaliro asanachitike.

Mafumu, pa msonkhano wanu wotsatira funsani anthu anu mafunso atatu. Madzi akadza usiku tidzathawira kuti? Ndani adzanyamula nkhalamba ndi olumala? Mbewu yathu tidzaisunga pati pamene madzi safika? Mukagwirizana mayankho ake mvula isanayambe, mwachita ntchito yaikulu. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.