Kuponya Nyambo ya Nthenga

Kuponya nyambo ya nthenga, kapena fly casting pa Chingerezi, ndi luso loponya mbedza yomangiriridwa nthenga ndi ulusi kuti nsomba iziyesa kachilombo. Nyamboyi ndi yopepuka kwambiri, choncho chimene chimaifikitsa patali ndi kulemera kwa chingwe. Msodzi amakweza ndodo yofewa, yotalika pafupifupi mamita 2.7, n'kuponyera chingwe kumbuyo, kudikira kuti chitambasuke, kenako n'kuchibwezera kutsogolo. Kumbuyo kukakhala mitengo amaponya mwa njira ya Spey, yomwe dzina lake linachokera ku mtsinje wa ku Scotland. Mlembi wachiroma Aelian analemba za asodzi a ku Macedonia owedza ndi nyambo ya nthenga cha m'ma 200 AD. Kale zingwe ankazipota ndi ubweya wa kumchira kwa hatchi kapena silika. Lero n'zokutidwa ndi pulasitiki. M'Malawi amawedzera motere nsomba za trout ku Nyika ndi paphiri la Zomba.